Ndowa ya Ajira

1. Phiri lometedwa

Kumtunda kwa Nkope, ukasiya nyanja kumbuyo n'kuyenda ngati ola limodzi, kuli phiri limene anthu amalitcha Kadazi. Dzinali si la makolo ayi. Makolo adalisiya phirilo lili ndi tsanya ndi masuku, koti mbuzi ikalowamo umaifuna tsiku lathunthu. Koma nsomba sizidziwamba zokha. Chaka ndi chaka nkhwangwa zinkakwera, mitolo ya nkhuni n'kumatsikira kugombe, mpaka phiri lidatsala mbee ngati mutu wometa mpala.

Mvula ikagwa, dothi lonse labwino linkathawira kumunsi. Ana asukulu adadzalapo mitengo zaka ziwiri zotsatizana, koma yonse idauma isanafike m'bondo. Nanga mtengo ungamere bwanji pa nsangalabwi zokhazokha?

M'chaka cha 1984 kudabwera mlangizi wa zankhalango, a Dyson Mkwanda, bambo wa imvi wochokera tsidya la ku Malindi. Adali munthu wofatsa, woyenda pa njinga yoti umaimva kulira isanaoneke. Iwo adati phirilo silidafe, lidangogona ndi njala. Chakudya chake adakachipeza kumene wina aliyense sakadaganizako, kusuweji ya sukulu ina yogonera ku Boma ku Mangochi, kumene za m'zimbudzi zonse zimakathera. Matope a kumeneko ankabwera pa thirakitala, iwo n'kumawasandutsa manyowa.

Anthu adaseka mpaka misozi. Ena adawapatsa dzina loti a Chimbudzi, ndipo ana ankagwira mphuno njinga ija ikamadutsa. A Dyson sadakwiyepo. Ankangovula chipewa n'kupereka moni.

Pofika Januwale wa chaka chotsatira, sukulu ya pulayimale ya m'mudzimo idali kalikiliki kukonzekera tsiku lodzala mitengo. Ana a Sitandade 8 adawagawa pawiri, anyamata kwao, atsikana kwao. Gulu lililonse lidapatsidwa maenje makumi anayi oti lithiremo manyowa. Aphunzitsi aakulu adalonjeza kuti mtsogoleri wa gulu loyamba kumaliza ndiye adzapereke mbande yoyamba kwa mlendo wolemekezeka.

Mtsogoleri wa atsikana adali Ajira, mwana wa Che Atumani, wowamba nsomba. Adali mtsikana wochangamuka, wakhama, koma adali ndi nthenda imodzi: kukhala wachiwiri kunkamupweteka ngati dzino.

2. Milu iwiri

Lachinayi m'mawa a Dyson adasonkhanitsa ana onse kunazale, kuseri kwa phiri, pamene padali mulu waukulu wakuda.

"Ana inu, tcherani khutu," adatero. "Milu ilipo iwiri. Uwu tayimapowu ndi wakupsa. Wakhala pafupifupi chaka. Unayamba wauma padzuwa miyezi itatu, kenaka ndinausakaniza ndi mankhusu a mpunga, phulusa ndi masamba. Unatentha m'kati, moti ukapisamo dzanja umalibweza msanga. Ndinautembenuza kanayi mpaka unazizira. Kutentha kumene kuja ndi kumene kumapha tizilombo ndi mazira a njoka za m'mimba. Taonani."

Adatapa ndi dzanja, nanunkhiza. Ana ena adakuwa.

"Kuwani, koma fungo lake ndi la dothi la mvula yoyamba. Nyongolotsi zalowamo kale, ndipo nyongolotsi sizilowa mu mulu wosapsa. Tsono wina uja uli kutsinde kwa phiri, wotchinga ndi minga, ndi wauwisi. Thirakitala inatitimira sabata yatha, n'chifukwa chake inautaya pafupi chotero. Ndaukumbira ngalande kuzungulira, ndaufunditsa udzu ndi phulusa. Pamwamba ukuoneka wouma, koma m'kati mwake muli matenda amoyo. Musaugwire, musauponde, musauyandikire. Ndikudziwa kuti ndi wapafupi ndi maenje anu, ndipo uno ndi wakutali. Mutopa, inde, koma kuthamanga sikufika. Nyamulirani m'matumba anga okha, ndipo mukatha mundibwezere. Mukasambe m'manja ndi sopo ndaika apoyo. Mwamva?"

"Tamva!" ana adayankha limodzi, monga ana amayankhira ngakhale pamene sadamve.

Ajira adali atachenjezedwa kale kunyumba. M'mawa womwewo bambo ake adamuimika pakhomo akukonza mawaya owambira nsomba.

"Mwanache, ine zakusukulu sindiletsa," adatero Che Atumani. "Mitengo ija ndinadula nawo ndine, ndiye ndingaletse bwanji kuidzala? Mkulu uja anandionetsa manyowa ake akupsa, ndinaona ndi maso anga kuti ndi dothi basi. Koma zauwisi zija ndi najisi, zodetsa pa chipembedzo chathu. Najisi isalowe pakhomo pano. Isakhudze chovala chopempherera, isakhudze chiwiya chodyera kapena chomwera. Ukadetsedwa, yamba wadziyeretsa. Ndipo kumbukira zimene mwalimu wa ku madrasa anakuphunzitsani: najisi satsukira m'madzi oima amene anthu amamwa. Umatunga madzi ndi chiwiya choyera, n'kupita nawo patali, n'kuthira pa chodetsedwacho kuti zonyansa zipite pansi. Madziwo ndiwo apite kwa najisi, najisi isapite kwa madzi."

Ajira adagwada bwinobwino n'kuvomera kuti wamva. Koma mutu wake udali kuwerenga maenje.

Potuluka, mayi ake, Abiti Dinala, adamupatsa ndowa yatsopano yokhala ndi chingwe chake. "Pobwera udzere kuchitsime, m'nyumba mulibe ndi dontho lomwe," adatero.

3. Maenje khumi ndi awiri

Ntchito idali yowawa. Kuchokera kunazale kukafika pa maenje kudali kokwera, thumba lili pamutu, dzuwa la pakati pa mvula likuswa mtengo, ngakhale mtengo woti liswe padalibe. Pofika 3 koloko anyamata adatsala ndi maenje atatu. Atsikana adatsala ndi khumi ndi awiri.

A Dyson adatolera matumba awo, nawamanga pa njinga. "Kwalero basi, mumalize mawa m'mawa," adatero, n'kupalasa kupita kukaona mbande.

Anyamata adatsika akuimba nyimbo yonyoza. Mmodzi adatembenuka n'kufuula kuti, "Ajira, Loweruka udzatiwombere m'manja mwamphamvu!"

"Tiye tizipita, mawa lilipo," adatero Dorika, mnzake wa Ajira.

"Mawa iwo amaliza tisanafike n'komwe."

"Ndiye asamalize? Mbande yakeyo idyedwa?"

"Pita, ine ndidzera kuchitsime," adayankha Ajira mosayang'ana mnzakeyo.

Onse atapita, Ajira adatsala yekha ndi ndowa m'manja. Adayang'ana njira yaitali yopita kunazale. Adayang'ananso kutsinde kwa phiri, pamene mulu wotchinga ndi minga uja udali pafupi poti mwala ukhoza kufika. Sadaganize nthawi yaitali, ndipo n'chimene chidamugwetsa.

Adakoka nthambi ziwiri za minga, nalumpha ngalande. Pamwamba pa mulu padalidi pouma. Koma atapalasa ndi kachibenthu ka khasu, m'kati mudatuluka matope akuda onyowa, ndi fungo loti adabwerera m'mbuyo n'kulavula. Apo mpamene akadalekera. Iye adangomanga mpango pamphuno n'kudzaza ndowa.

Adakwera ndi kutsika maulendo khumi ndi awiri. Dzenje lililonse ankati akathira, n'kukwirira ndi dothi pamwamba kuti pasaoneke kusiyana. Atamaliza adabwezera minga pamalo pake, naimirira kuyang'ana mzere wake wonse utadzaza. Adakondwa, tisabise. Adakondwa kwambiri.

4. Kasanu ndi kawiri

Chimwemwe chidatha atayang'ana m'ndowa. Idali bii, matope atamatirira mpaka m'milomo mwake. Imeneyi ndiyo ndowa yotungira madzi akumwa, yogulidwa mwezi womwewo. Mawu a bambo ake adamubwerera, ndipo mantha adamugwira.

Adathamangira kuchitsime. Chitsimecho chidali chokumba ndi manja, chosazama kwenikweni, ndipo mabanja onse a kumtunda ankamwa pomwepo chifukwa nyanja idali kutali. Padalibe mjigo. Aliyense ankabwera ndi chotungira chake n'kuchitsitsa pa chingwe. Nthawi imeneyo padalibe munthu, amayi adali akadali kuminda.

Ajira adakwecha ndowa ija ndi mchenga ndi udzu, koma popanda madzi matope adangopakika ponseponse. Adafunafuna chitini kapena chikho choiwalika, osachipeza. Chotungira chidali chimodzi chokha, ndowa yomweyo.

Adakumbukira za ku madrasa, kuti najisi yaikulu amaitsuka kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Nambala adaikumbukira bwino. Chimene adachikankhira kumbali ndi mawu aja akuti najisi isapite kwa madzi. Akadatha kudikira mayi wina abwere ndi ndowa yoyera. Koma mayiyo akadafunsa kuti, "Kodi wanyamuliramo chiyani?" Ndipo Ajira sadafune funso limenelo.

Adatsitsa ndowa m'chitsime. Idagwa chafufumimba, n'kumira, ndipo pamwamba pa madzi padayandama zakuda. Adaikoka, naikhutula pambali, naitsitsanso. Adawerenga mosamala ngati munthu wochita chinthu cholungama: kachiwiri, kachitatu, mpaka kachisanu ndi chiwiri. Ndowa idawala. Adainunkhiza, osamva kanthu. Adadikira pang'ono kuti madzi adikhe, natunga, nasenza.

Kunyumba mng'ono wake Sefu, kamnyamata ka zaka zitatu, kadamuthamangira kakulira ludzu. Ajira adazengereza pang'ono. Kenaka adatunga ndi kapu n'kumupatsa, chifukwa akadakana, mayi ake akadafunsa chifukwa chake.

5. Tsoka silinunkha

Loweruka Ajira adalandira chimene ankafuna. Adavala yunifolomu yosita, nanyamula mbande ya msangu pakati pa nthungululu, naipereka atagwada kwa a Stefano Likoswe, tcheyamani wa Chipani m'deralo. A Likoswe adali munthu wamkulu thupi, wokonda kumva mawu ake omwe. Adamuloza Ajira pamaso pa anthu onse.

"Mwana womvera ndi wosunga mwambo ndi uyu! Ena nonse tengerani chitsanzo!"

Anthu adawomba m'manja, anyamata aja nawonso adawomba. Ajira adamwetulira, koma kumwetulirako sikudakhalitse, chifukwa m'mawa womwewo Sefu adadzuka akutsegula m'mimba.

Pofika Lolemba ana khumi ndi mmodzi a kumtunda adali gone, pamodzi ndi akuluakulu atatu. Ajira mwini adangomva kupotokola tsiku limodzi n'kuchira, ndipo zimenezi zidamupweteka koposa. Sefu maso adalowa m'kati, milomo idauma, kulira komwe kudamukanika. Abiti Dinala adamubereka kupita naye kuchipatala. Wazaumoyo adabwera, nasuzumira m'chitsime, nachitseka ndi matabwa. Adati m'madzimo mwalowa za m'chimbudzi.

Sipadafunike wina wolosera. Mudzi wonse udaloza chala kumodzi. Lamlungu kudagwa mvula yamphamvu, ndiye anthu adati madzi adakokolola mulu wa a Chimbudzi n'kuuthira m'chitsime. Zoti ana adayamba kudwala mvulayo isanagwe, palibe adafuna kuzimva. Amene ankaseka aja tsopano ankatukwana, ndipo wina adaboola matayala a njinga ija.

Lachiwiri masana a Dyson adafika wapansi kwa Che Atumani. Ajira adali kuseri kwa nyumba akutsuka mbale, ndipo adamva zonse.

"Ndabwera kudzapepesa za mwana," adatero a Dyson. "Akabwerako kuchipatala muzimupatsa madzi owiritsa, muthiremo shuga ndi kamchere pang'ono, azimwa pafupipafupi."

"Khalani pansi, bambo," adatero Che Atumani. "Ine sindinakuweruzeni. Koma anthu akwiya, ndipo a Likoswe aitanitsa msonkhano Lachinayi. Akuti mwanyozetsa tsiku la boma."

"Ndamva. Che Atumani, madzi sakwera phiri. Mulu uja uli kumunsi kwa chitsime, ndipo ngalande yanga sinagumuke. Koma ndapeza minga itasunthidwa, ndipo mbali imodzi ya mulu wina anatapako. Mapazi ake ndi aang'ono."

"Mwana wasukulu? Ndiye mukanene!"

"Ndikanene kuti chiyani? Sindikumudziwa. Ndikangotchula, kalasi yonse ikwapulidwa, ena achotsedwa sukulu mayeso ali pafupi. Mulu uja ndinaubweretsa ndine. Ndikadaika mlonda, kapena ndikadausamutsa tsiku lomwelo ngakhale ndi wilibala. Mutu ukakula sulewa nkhonya."

Mbale idapulumuka m'manja mwa Ajira n'kugwera m'beseni. Manyazi adamugwira, oposa amene adawamvapo chibadwire. Munthu amene iye adamuphera dzina ndiye amamuteteza, osamudziwa n'komwe.

6. Mawu a Abiti Dinala

Lachitatu Abiti Dinala adabwerako kuchipatala. Sefu adali wofooka koma maso adali atayamba kuyera, ndipo adapempha nthochi. Ajira adadikira kuti bambo ake apite kugombe. Kenaka adagwada pafupi ndi mphasa pamene mayi ake adakhala.

"Amao, ndili ndi mawu."

"Nena."

"Chitsime chija ndinaononga ndine."

Adafotokoza zonse, maenje, ndowa, mpaka kapu imene adapatsa Sefu. Pofika pa kapu misozi idangoti mbwembwembwe. Mayi ake sadamumenye. Adangomuyang'ana nthawi yaitali, kenaka adadzuka n'kukasuzumira panja ngati pali wina, nabwerera.

"Astaghafirullah. Wauzapo ndani?"

"Palibe."

"Ndiye zithere pompano. Undimvetsetse, Ajira, chifukwa iwe dziko lino sunalidziwe. Ukuganiza kuti ukaimirira pagulu n'kunena kuti ndine, akuwombera m'manja ngati Loweruka? A Likoswe anakuloza ndi chala chawo pamaso pa anthu kuti ndiwe mwana womvera. Ukaulula, wawachititsa manyazi iwowo, ndipo munthu ngati uja manyazi samawasenza yekha, amafuna womusenzetsa. Mwana samangidwa. Amene amangidwe ndi bambo ako. Chaka chatha anakangana ndi a Likoswe pa nkhani ya malo owambirapo nsomba, waiwala? Akhala akuwadikira pakona. Amalume ako a ku Chembe anangoyankha mawu amodzi pamsonkhano, anabwerako patatha zaka ziwiri mano atatha m'kamwa. Mkulu uja ndi wa boma, ali ndi mabwana ake, mwina angomusamutsa. Ife tili ndi yani? Madzi akatayika saoleka. Sefu wachira, enawo achira, Mulungu watichitira chifundo. Lapa mumtima, upemphe chikhululukiro kwa Mwini wake, koma pakamwa utseke."

"Nanga akapanda kungowasamutsa?"

Abiti Dinala adatembenuka n'kuyamba kusenda nthochi ya Sefu. Sadali mayi woipa mtima. Adali mayi wamantha, ndipo mantha akewo adali ndi chifukwa.

Tsiku lonselo Ajira adagwira ntchito ngati wogwidwa ukapolo. Adasesa posesa kale, adakatunga madzi kunyanja maulendo awiri popanda womutuma. Koma chikumbumtima sichitopa ndi ntchito. Nthawi ya pemphero la swala itakwana adaima pamkeka osadziwa poyambira.

7. Pabwalo la sukulu

Lachinayi m'mawa mudzi wonse udasonkhana pabwalo la sukulu. Masiku amenewo kumsonkhano kunalibe kujomba. Ana asukulu adakhala kutsogolo m'mizere, amayi mbali ina, abambo mbali ina. Pansi pa mtengo wa mango padaima galimoto ya Landirova, ndipo pambali pake padali anyamata anayi a Chipani a malaya ofiira.

A Likoswe adayankhula nthawi yaitali. Adayamba ndi umodzi, kumvera, kukhulupirika ndi kusunga mwambo, kenaka adafika pamene ankapita.

"Boma likuti tidzale mitengo. Munthu uyu akudzala manyi! Boma likuti ana akhale athanzi. Munthu uyu akuwamwetsa chimbudzi! Ndipo wasankha sabata yeniyeni ya mwambo wa boma. Mwangozi? Ine ndikuti ayi. Alipo anthu amene amafuna kuti chitukuko chinunkhe, kuti anthu adane ndi boma lawo. Anthu otere tili ndi dzina lawo."

Dzinalo, loti oukira boma, sadalitchule, koma aliyense adalimva. Ngakhale amene adatukwana a Dyson aja adaweramitsa mitu, chifukwa iwo ankafuna kuti munthuyo achoke, osati kuti asowe.

A Dyson adaimirira chipewa chili m'manja. "Mulu ndi wanga, ndipo ndikupepesa kwa makolo onse," adatero. "Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Manyowa akupsa aja alibe mlandu. Musazule mitengo ya ana. Ikafika Epulo mudzaona nokha."

"Epulo mukamuonera komwe mukupitako," adatero a Likoswe. "Anyamata!"

Awiri adagwira a Dyson m'mikono. Chipewa chidagwa, wina adachiponda. Mkuluyo sadalimbane nawo. Adangoyenda pang'onopang'ono monga amayendera nthawi zonse, mpaka adamukweza kumbuyo kwa galimoto.

Ajira adayang'ana kumbali ya amayi. Abiti Dinala adali atamuyang'anitsitsa, akupukusa mutu pang'ono. Adayang'ana kumbali ya abambo. Che Atumani adali ataweramira pansi, osadziwa kanthu. Injini idalira.

"Ndine!"

Mawuwo adatuluka aang'ono, moti adamva ndi a pafupi okha. Dorika adamukoka diresi. Ajira adaimirira n'kufuula.

"Ndine! A Dyson sanalakwe! Ndinatapa mulu wauwisi ndi ndowa ya kwathu kuti tipambane anyamata. Kenaka ndinatsukira ndowayo m'chitsime, kasanu ndi kawiri. Anatiletsa, ndinamva, koma ndinachita dala. Ana onse aja ndinawadwalitsa ndine, ndi mng'ono wanga yemwe."

Kumbali ya amayi kudamveka kulira kumodzi kokha. Dalaivala adazimitsa injini.

A Likoswe adayenda mpaka pamene Ajira adaima. Adamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ndipo adamuzindikira. Nkhope yawo idasintha. Kumbuyo wina adatsokomola chifuwa chobisa chiseko, ndipo a Likoswe adachimva.

"Si iwe unandipatsa mbande?"

"Ndine, bambo."

"Mwana wa yani ameneyu?"

Che Atumani adadzuka, nakonza kofiya wawo. "Ndi wanga," adatero.

"Ehe! Che Atumani!" A Likoswe adamwetulira koyamba tsiku limenelo. "Ndimadabwa. Mwana wamng'ono chonchi angaganize yekha zothira chimbudzi m'chitsime, n'kubwera kudzandigwadira pamaso pa anthu? Alipo anamutuma. Mutsitseni mkuluyo. Akwere mwini ndowa."

"Sananditume! Sakudziwa kanthu!" Ajira adakuwa, koma aphunzitsi adamugwira paphewa.

A Dyson adayesa kukana kutsika. "Bambo tcheyamani, munthuyu alibe mlandu, nditengeni ine ndemwe," adatero, koma anyamata aja adawakokera pansi ngati thumba.

Che Atumani adayenda okha, wopanda wowagwira. Atafika pamene padali mwana wawo adaima. Ajira sadathe kuwayang'ana kumaso.

"Mwanache, dzutsa mutu," adatero motsitsa. "Za ndowa zija wandichititsa manyazi, ndipo tidzakambirana. Koma ukadakhala chete lero, ndikadakhala ndi manyazi mpaka kumanda. Kasamale mayi ako."

Adakwera. Galimoto idatembenuka n'kulunjika njira ya ku Boma, matope akuthovokera m'mbali. Anthu adabalalika mwakachetechete, aliyense kuopa kuoneka ali pafupi ndi banjalo. Abiti Dinala adadutsa pambali pa Ajira, Sefu ali kumsana, osamuyang'ana ngakhale pang'ono.

Pabwalo padatsala anthu awiri. A Dyson adatola chipewa chawo, nachipukuta matope.

"Wandiwombola, mwanawe, koma mtengo wake wakula," adatero. "Mawa kuli basi ya 6 koloko yopita ku Boma. Ine ndikwera, ndikaonane ndi mabwana anga bambo ako asanawapititse patsogolo. Akangowachotsa pa Mangochi, sitiwapezanso msanga. Koma mawu anga okha sakwanira. Pakufunika amene anagwira ndowa akanene yekha, pamaso pa anthu oopsa kuposa awa. Mayi ako sakulola, ndipo ine sindingakutenge mozemba."

Ajira adapukuta misozi ndi mkono. Adayang'ana njira imene mayi ake adalowera.

"Ndikawapempha," adatero. Ndipo adauyamba ulendo wa kunyumba, kumene kudali kovuta kuposa ku Boma.